Mlandu wa Bemvindo

Aliyense amene anagulapo kachewere pa Lizulu zaka zapitazi anamuonapo Rute, ngakhale dzina sanafunse. Ndi mayi uja wamfupi, wa mpata kumano, amene benchi lake linayang'anizana ndi poima maminibasi, foni ili lendee pakhosi ngati belu la ng'ombe. Alipo ena opanda nzeru amene ankaseka chingwe chimenecho. Munthu n'kumaseka chinthu osadziwa chiyambi chake! Tamverani kaye mmene chinafikira pakhosipo, ndiye museke ngati mano akulolani.

Rute, a Nagama kwa olemekeza, anabadwira pomwepo, m'mudzi wongotsetsereka pang'ono kuchoka pamsika. Sukulu analekezera Sitandade 7. Osati umbuli ayi, mutu unalipo. Koma mayi ake anayamba kutupa miyendo, ndipo benchi linafuna munthu. Benchi limenelo musaliyese matabwa chabe. Mayi ake analikhoma okha Rute ali kumsana, ndipo malo a pamsika uja ali ngati mpando wa m'minibasi: ukangonyamuka, pobwerako upeza wina waunjikapo kabichi wake, akukuyang'ana ngati mlendo ndiwe.

Kwa amene simunafikeko, pa Lizulu malire ndi msewu wa tala womwewo. Uku Malawi, uko Mozambiki. Palibe mpanda, palibe mtsinje. Nkhuku imaikira dzira dziko lino n'kukatetera dziko linalo. Anthunso ndi amodzi. Mayi ake aang'ono a Rute, a Ida, anakwatiwa tsidya, ndipo kukawaona kunali kungoyang'ana uku ndi uku kuopa galimoto, basi wawoloka. Tsiku la msika alimi a tsidya amabwera mmawa ndi ngolo za kachewere, ndipo wamalonda wochangamuka amakawachingamira kuseri kwa magolosale a konko asanatsitse matumba. Pa ntchito imeneyo Rute analibe mnzake. Ankalowetsa dzanja m'thumba mpaka m'chigongono, n'kumuuza mlimi pamaso: "Achimwene, pamwamba mwaika akuluakulu, koma pansipa ndi mazira a njiwa okhaokha." Mlimi ankangoseka n'kumasula thumba lina.

Mwamuna wake, Benson, anamupeza pa benchi lomwelo. Iye kwawo ndi kuchigwa, ku Bwanje kolima mpunga, koma ankagwira ntchito ya ulonda pa nyumba ina yosungiramo katundu ku Lilongwe. Anatsika minibasi kudzagula ndowa ya kachewere mwezi uno, anatsikanso mwezi winawo, wachitatu anabwera ndi ankhoswe. Munthu wosamwa, wosasuta, nsapato zonyezimira, ukwati wa kutchalitchi. Mukanakhala inu mukanakana?

Pa chinkhoswe a kuchimuna anapempha chitengwa, kuti mkazi akakhale ndi apongozi ake kuchigwa. Malume ake a Rute, a Cyprian, amene anali nkhoswe ya kuchikazi, anachonderera kuti mwanayo atsale kaye kwawo, asamale mayi ake ndi benchi, poti mwamunayo nayenso sakhala pakhomo. A kuchimuna anavomera, koma anasiya mawu: tsiku limene kudzamveke mbiri yoipa, mkazi atsike. Aliyense anawomba m'manja. Mayi ake a Rute atamwalira chaka chachiwiri, chimene chinatsala chomusunga pa Lizulu chinali benchi ndi mawu amenewo.

Foni inabwera mwana wawo Tawina atangobadwa. Kafoni ka mabatani, kakuda. "Kuti ndizimumva mwana akulira," anatero Benson, ndipo amayi a pamsika anamusirira Rute. Koma mlonda amagwira ntchito anzake ali m'tulo, ndiye masana onse amakhala chogona pamphasa, tulo tosabwera, denga likuthetheka ndi dzuwa, foni ili m'manja. Munthu wotero amaganiza zambiri.

"Uli kuti?"

"Pamsika, bambo a Tawina."

"Akulankhulayo ndani?"

"Kasitomala."

"Kasitomala amaseka choncho?"

Zimenezo Rute ankazipirira. Vuto linali la mmawa wa tsiku la msika. Benson akaimba nthawi imeneyo ankangomva mawu a mzimayi wa m'makina uja akuti nambala mukuimbayi siikupezeka. Pakatha ola, foni n'kulowa bwinobwino.

"Unazimitsiranji?"

"Sindinazimitse. Ndi netiweki ya kuno."

"Netiweki yothawa nthawi imodzimodzi tsiku lililonse la msika? Ili ndi wotchi?"

Rute ankafotokoza, koma Benson anakulira kuchigwa, kutali ndi malire, ndipo pa Lizulu ankangodutsapo ngati mlendo. Zimene mwana aliyense wa pamsika uja amazidziwa asanaphunzire kupukuta mamina, iye ankaziyesa bodza la akazi.

Pa Pasaka anabwera kutchuthi. Rute akusambitsa Tawina kuseri, Benson anatenga foni pazenera n'kuyamba kufukula ngati nkhuku padzala. Anapeza mauthenga ambirimbiri a Chipwitikizi, amene Rute sankawawerenga n'komwe, ngakhale kuwafufuta. Chipwitikizi Benson sankachimva, koma mawu oyamba a uthenga uliwonse anali amodzimodzi, ndipo anatha kuwawerenga. Tsoka lake, kuntchito kwake kunkabwera dalaivala wa thiraki wa ku Tete, wamtali, wovala magalasi akuda, amene anzake ankamuitana dzina lomveka chimodzimodzi.

"Iwe Rute! Tabwera kuno!"

Rute anabwera manja ali thovu.

"Bemvindo ndi ndani?"

"Ndani?"

"Usandibwezere funso. Bemvindo! Taona. Tsiku la msika, Bemvindo. Msika winawo, Bemvindo. Nthawi yake yomwe ija umazimitsa foni. Ndiye ndi ameneyu netiweki wakoyo?"

Rute ataona, anaseka. Mulungu amukhululukire, anaseka mpaka kugwira chitseko. Ndipo inu mukudziwa kuti palibe chimene chimapsetsa mtima mwamuna wansanje ngati kuseka.

"Bambo a Tawina, ameneyo si munthu. Amalembera aliyense."

"Ndiye ndi wachimasomaso wotheratu! Ndipo iwe ukudziwa kuti amalemberanso ena!"

Tsiku lomwelo anaimbira mkulu wake, a Obed, nkhoswe ya kuchimuna, kuti akwere kudzatenga mkazi. Mbiri yoipa ija yapezeka, ndipo umboni uli m'manja.

Mlandu unakhala pakhonde la a Cyprian, pafupi ndi mtengo wa mapichesi. A Obed anafika atavala jekete, nkhope ili ndwii, ngati munthu wodzatenga mbuzi yake imene inasochera. Rute anabwera ndi mboni imodzi, a Kizito, mkulu wa imvi amene amakonza mawailesi ndi mafoni m'kakhumbi ka malata pamsika. Anthu amati a Kizito amalankhula okha akamawotcherera mawaya, koma wailesi imene iwo ailephera, kataye.

"Zikomo akuluakulu," anayamba a Kizito atavula chipewa. "Ine sukulu yanga ndi ya mawailesi akufa, koma ichi chokha ndikuchidziwa. Kuwala kwa dzuwaku, kutentha kumene mumamva mukayandikira mbaula, ngakhale chija amakuunikirani nacho mafupa kuchipatala, onsewo ndi mafunde a mbumba imodzi. Amangosiyana kagundidwe. Ena amagunda mothamanga ngati mtima wa mpheta. A wailesi ndiwo odekha kuposa abale awo onse, amagunda pang'onopang'ono, koma phazi lawo ndi lalitali. Kuwala mukakutsekera chitseko kumaima panja. Awa ayi. Amalowa mpaka kuchipinda. Ndipo foniyi ndi kawailesi basi, kungoti kamayankha."

"Madala, sitinabwerere sukulu," anatero a Obed. "Tikufuna Bemvindo."

"Ndikufika komweko. Uku kuli nsanja yathu, uko kuli nsanja ya eni ake. Zonse ziwiri zikukuwa mumphepo momwemu. Mafunde sadziwa kuti msewu ndi malire, ndipo chiphaso alibe. Mukawoloka n'kulowa kuseri kwa magolosale aja, yathu imatsika mawu, foni n'kugwira ya tsidya. Ndiye eni dziko, poti ndi anthu aulemu, amakulonjerani. Bem-vindo. Ndiye kuti, takulandirani. Basi, mlandu wonse ndi umenewo."

"Akumulandira mkazi wanga ndani?" anafunsa Benson.

"Makina, achimwene."

"Makinawo amadziwa bwanji kuti wafika?"

A Cyprian anali atagwira kale pakamwa, mapewa akugwedezeka. Apa ndi pamene anachita chopusa chimene sadzachilipira mpaka kumanda. M'malo moti aimalize nkhaniyo pakhonde pomwepo mwakachetechete, anaimirira n'kunena kuti, "Tiyeni tonse kumsewu. A Obed, tengani foni yanuyo, mukaone nokha."

Tsikulo linali la msika, abale. Gulu la anthu ovala zamlandu likamayenda mondondozana pakati pa tomato, aliyense amasiya malonda. Pofika pa tala, amayi a anyezi, anyamata a kabaza ndi oitanira minibasi anali atamva kale nkhani yonse. A Obed anawoloka, foni yawo ataikweza m'mwamba ngati kandulo, khamu lili pambuyo. Anadutsa golosale yoyamba, yachiwiri, n'kukhota. Foni inati tii-tii. Anayang'ana. Anapukuta galasi ndi jekete. Anayang'ananso.

"Eee! Madala nawonso Bemvindo wawakonda!" anakuwa woitanira minibasi wina. "Ndevu zonsezo!"

Msika unagwa ndi phwete, wa uku ndi wa uko womwe. Amayi anawombana m'manja, ena misozi ili chuchuchu. Wina anafuula kuti, "Bambo a Tawina, mumusumire Bemvindoyo kupolisi!" Rute yekha ndiye sanaseke ulendo uno. Anali akuyang'ana khosi la mwamuna wake, mtsempha uli njo.

Atabwerera pakhonde, Benson analankhula motsitsa, ngati munthu amene wachira.

"Chabwino. Bemvindo si munthu, ndamva. Koma ndamvanso china. Kuli malo amene mkazi wanga akalowako ine sindingamupeze. Ndipo iye wakhala akuwadziwa malowo zaka zonsezi, n'kumapitako."

Mwaiona nsanje? Ukaidula kumutu imaphukira kutsinde.

A Obed, amene manyazi anali akuwayabwabe, anati mkazi atsike basi, ku Bwanje kulibe za mayiko awiri. A Cyprian anati ayi, mwanayo sanalakwe, msika wonse ndi mboni. Anakokanakokana mpaka dzuwa kupendeka, ndipo chimene anachitcha chigamulo chinali ichi: Rute atsale pa benchi lake, koma msewu asadzawolokenso. Foni ikalira, ayankhe. Tsiku limene idzanene kuti sakupezeka, palibenso mlandu, angolongedza.

"Wavomera, mwana wa mlongo wanga?" anafunsa a Cyprian.

Rute anaganiza za matabwa aja, pamene mayi ake ankakhala atatambalala miyendo yotupa ija n'kumasankha kachewere. Anati, "Ndavomera, malume."

Anawapatsa a Kizito foni kuti aimange izimvera nsanja ya kwathu yokha. Mkuluyo anaidinadina, ndipo poibweza ananong'ona, "Pepani a Nagama. Ine ndimati ndikukuthandizani." Benson anapisa m'thumba, anatulutsa wisulo yake ya ulonda, anaimasula pachingwe, n'kumangirirapo foni. Anamuveka yekha mkazi wake pamaso pa ankhoswe. Chingwe munkaseka chija ndi chimenecho.

Zaka zitatu, abale. Zaka zitatu munthu akuona tsidya la msewu ngati mmene mukuonera dzanja lanulo, koma osapondako. Ngolo zikafika, amayi anzake ankathamangira kuseri kwa magolosale, iye n'kutsala akukonzakonza milu ya dzulo. Kachewere ankamugula kwa anzake, wosankhidwa kale, wobooka ndi khasu, mazira a njiwa aja ankawakana. Sheila, mayi wa benchi loyandikana nalo, ankamugulirako thumba akakhala ndi mpata, koma dzanja la Sheila silinali dzanja la Rute. Makasitomala a galimoto amene kale ankatsitsa galasi n'kufunsa kuti, "Ali kuti mayi a mpata aja?" anayamba kuimira patsogolo.

Ndipo musaganize kuti mbali ya kwathu yonse inali yake. Pamwamba pa galasi la foni pamakhala timizere tija tosonyeza mphamvu ya netiweki. Rute anatiphunzira timizere timeneto monga mlimi aphunzirira mitambo. Pa benchi, titatu. Kwa ogulitsa nyama, tiwiri. Kumjigo wa kumunsi, kamodzi kophethiraphethira, ndiye madzi ankakatunga ku mjigo wa kutali, wa kumtunda. M'tchalitchi ankakhala kumbuyo pafupi ndi khomo, kuti ikanjenjemera atuluke msanga. Kumunda wa mayi ake, kudambo, kunalibiretu kamzere, ndipo mundawo unamera tsekera. Posamba ankaipachika pamsomali. Dziko lake lonse linatsala lalikulu ngati pamene nsanja imodzi ikufika ndi mawu.

Sheila ankapsa mtima m'malo mwake. "Iwe, ingoiponya m'chimbudzi! Unene kuti yagwa."

"Ikagwa ndiye kuti sindikupezeka."

"Ndiye udzafa nayo pakhosi?"

"Ukakwatiwa kwa mphenzi suopa kung'anima, Sheila," ankatero Rute, n'kuseka pang'ono, dzanja lili pachifuwa kufufuza ngati ilipo.

Chaka chachitatu, m'nyengo ya chisanu, uthenga unabwera ndi munthu wa njinga: a Ida atisiya. Mayi aang'ono aja, amene anamusambitsa Rute ali m'chikuta ndi Tawina, amenenso anagwira mutu wa mayi ake potsirizika. Mudzi wawo unali mtunda wa ola limodzi kulowa mkati mwa tsidya. Rute anaimba yekha, chinthu chimene sankachita kawirikawiri.

"Bambo a Tawina, mayi aang'ono amwalira."

"Pepa. Ambuye awalandire."

"Maliro aika mawa. Ndimati ndipite."



"Kuti?"

"Kwawo."

"Kwawo ndi kuti?"

"Mukudziwa, bambo."

"Mupatse Sheila ufa akatule. Anthu amva."

"Ndi mayi anga amenewa. Akandifunsa kuti ndinali kuti, ndidzati ndimadikira foni?"

"Pangano sindinapange ndekha. Malume ako analipo."

"Ndiye bwerani tipitire limodzi. Muzikandiona ndi maso."

"Ntchito ndimusiyire ndani? Ndanena, ndatha."

Anadula.

Rute anathira ufa m'beseni, anamanga mpango, anasiya Tawina kwa akazi a malume ake, n'kukaima m'mphepete mwa tala. Anaima nthawi yaitali ndithu. Mathiraki ankadutsa n'kumupemerera fumbi. Amayi a m'mudzi mwake ankawoloka awiriawiri, nkhuni pamutu, ena osamuyang'ana dala kuti asamuchititse manyazi. Kenako mayi wina wokalamba, wotsamira ndodo, anaima pambali pake n'kunena, "A Nagama, tandigwirani dzanja, maso angawa saona galimoto."

Anawagwira dzanja. Anawoloka.

Timizere tinayamba kuthothoka kamodzikamodzi. Podutsa magolosale tinatsala tiwiri, pa mlatho wa mitengo kamodzi, pokwera chitunda galasi linayera. Rute ankayenda chocheukacheuka, ngati mwana amene waswa mtsuko. Pasiwa dzanja linkangopita pachifuwa lokha. Koma foni inali duu ngati mwala. Madzulo a tsikulo anazindikira kuti waimba nyimbo ya maliro kuyambira ndime yoyamba mpaka yomaliza osatuluka panja. Mawa lake anasenza madzi ndi anzake, anatsuka mbale, anawalira mayi ake aang'ono mokweza, mpaka mawu kusasa, popanda womufunsa kuti akulankhulayo ndani. Kumanda anaponya dothi lake. Msuweni wake wina anamuyang'ana n'kunena, "Koma Rute wakalamba msanga bwanji?" Iye anangoti, "Ndi chisanu cha pamsika."

Pobwerera, foni inalira asanamalize n'komwe kuwoloka, ali pa mzere woyera wa pakati pa msewu. Anaiyankha ali pomwepo, minibasi ikumuimbira hutala.

"Ndinapita kukaika mayi anga," anatero asanafunsidwe.

"Ndamva. Uyambe kulongedza."

Lamlungu lotsatira Benson ndi a Obed anali pakhonde lija. Ulendo uno panalibe woseka, ndipo a Kizito sanaitanidwe. Rute anagwada n'kulankhula yekha.

"Malume, ndinapita kumaliro a mlongo wanu. Inunso munali komweko, munandiona. Ndinagona pakati pa amayi. Ngati pali mwamuna amene ndinalankhula naye, ndi inuyo, pamene ndinkakupatsirani madzi osamba m'manja. Mbiri yoipa ili pati?"

A Cyprian anayang'ana pansi, anatokosa dothi ndi kamtengo. Munthu amene anali kumanda komweko, amene anadya nsima yophika mwana yemweyo! Akanangonena mawu amodzi, kuti maliro saletsedwa ndi pangano la munthu, a Obed akanakwera minibasi manja ali m'thumba. Koma mkuluyo ankaopa kutchedwa nkhoswe yopasula banja la kutchalitchi.

"Mwana wanga, kulakwa sunalakwe," anatero. "Koma pangano ndi pangano. Tinavomera tonse. Banja ndi kupirira."

Kupirira! Mawu amene amatuluka mosavuta m'kamwa mwa munthu amene sanavalepo chingwe pakhosi.

Mudzati bwanji sanakane. Akanakana, inde. Koma kukana kumafuna munthu woima kumbuyo kwako. Mayi ake kulibe, mayi aang'ono ndi awo anawaika dzana, malume ndi awa akutokosa dothi. Nyumba imene ankagonamo inali pa malo a malume omwewo. Tawina anali ataima pakhomo atagwira buluku la bambo ake, amene anamubweretsera nsapato zatsopano. Rute anayang'ana onsewo mmodzimmodzi, n'kudzuka kukamanga mapoto m'chitenje.

Benchi anamusiyira Sheila. "Undisungire. Uziikapo tomato wako kuti pasaoneke popanda munthu. Mpunga akakolola mwina mtima wawo utsika."

"Ndikusungira, mlongo wanga. Woliyandikira adzaona chimene chinameta nkhanga mpala."

Lero Rute ali ku Bwanje, kwa apongozi ake. Kumeneko kumatentha moti munthu wobadwira m'chisanu cha kumtunda amatuluka thukuta atangokhala. Anaphunzira kuwokera mpunga, msana uli chowerama, miyendo m'matope mpaka m'mawondo. Dzanja lija lodziwa kachewere ndi kukhudza kokha pano limazula udzu m'madzi. Nsanja ili pachitunda chapafupi, ndipo timizere timadzaza tonse, m'nyumba, kumunda, kuchigayo, paliponse. Koma foni siliranso kawirikawiri. Benson amaimba kamodzi pa sabata, nthawi zina amaiwala. Avutikirenji? Mayi ake ali pakhonde, maso ali pa mpongozi kuyambira mmawa.

Mpunga anakolola, mtima sunatsike. Anakololanso kachiwiri. Mwezi wathawu, Rute ali kumunda kuingitsa mbalame, foni inanjenjemera. Anali Sheila.

"Mlongo wanga, muli bwanji kumeneko? Tawina?"

"Tilipo. Wayamba sukulu. Kumsika kuli bwanji?"

"Kuli bwino. A Kizito akupereka moni." Sheila anakhosomola. "Iwe Rute, pali nkhani. Benchi lija chiswe chadya miyendo yonse. Dzulo linagwa ndi tomato yemwe. Akuluakulu a msika akuti malo sangakhale ndi bwinja, mwini wake abwere adzamange, apo ayi apatse wina. Ndawakaniza kawiri, mpaka tinatukwanizana. Ndiye ndimati ndikufunse. Ukubwera?"

Rute anayang'ana kumadzulo, kumene mapiri a kwawo amaoneka obiriwira mobisika ndi utsi. Mbalame zinali zitateranso kumapeto kwa munda.

"Ukubwera, Rute? Ungonena tsiku, ine ndikapeza matabwa."

"Mwana wako wamkulu uja, Tisunge, anamaliza sukulu?"

"Anamaliza. Akungokhala."

"Mumangire iyeyo. Asapatse mlendo."

"Iwe, usatero."

"Umuphunzitse kulowetsa dzanja mpaka pansi pa thumba. Asamakhulupirire za pamwamba."

Sheila anayamba kulira, kenako kutukwana Benson, a Obed, a Cyprian ndi mtundu wawo wonse, mmodzimmodzi ndi mayina awo. Rute anamvetsera mpaka mayunitsi a mnzakeyo anatha. Atatero anabweza foni m'bulauzi, anatola chigubu chake cha timiyala, n'kulowa m'matope kukathamangitsa mbalame zija zisanamalize mpunga wa apongozi.